Sitima Sanawoloke Mtsinje

Lolemba, 3 Juni 2024

Andigoneka. Wodi ya amuna a chifuwa chachikulu, bedi la pawindo. Makhololo amene ndinapereka sabata yatha aonetsa TB, ndipo adokotala akuti yakwera mpaka pakhosi. N'chifukwa chake mawu anasasa chichokereni Pasaka, ndipo malovu omwe akumawawa pomeza. Pa sikelo ndakwana makilo 49. Mankhwala: mapilitsi atatu ofiira m'mawa ndisanalawe kanthu, ndi kena kakang'ono koyera koletsa dzanzi m'mapazi.

Lamulo lalikulu ndi loti ndisalankhule. Kunong'ona komwe ayi, akuti kunong'ona ndiye kumakanda zilonda kuposa kulankhula. Dokotala wa pakhosi amachokera ku Lilongwe kamodzi pamwezi, ndipo adzandiona pa 20. Ndikapumitsa pakhosi mawu akhoza kubwerera. Ndikachita makani zilonda zidzasiya zipsera, ndipo ndidzakhala wosasa mawu moyo wanga wonse.

Atafunsa za ntchito yanga anayankha ndi Esitere, mkazi wanga. Anati ndimamasulira mafilimu m'Chichewa. Adokotala anaseka, kenako anapepesa. Sindinawakwiyire. Zaka zonsezi ndadya za pakamwa: ndimatsitsa mawu a eni filimu n'kuikapo anga. Msilikali, mtsikana, nkhalamba, galu, onse amalankhula ndi pakhosi pa ine Felton mmodzi. Mamemori khadi anga amazungulira m'mavidiyo sho a ku Mvera ndi ku Dzoole, mpaka kuseri kwa mapiri a Ntchisi. Lero kuti ndipemphe madzi ndikuchita kulemba.

Esitere wandigulira kope. Kumbuyo kwake ndi kopemphera madzi, kutsogolo kuno ndi kwanga.

Lachiwiri, 4 Juni

Mkodzo wafiira ngati dothi la katondo. Anesi a Ulemu akuti ndi mankhwala, ndisadabwe nazo.

Pabedi loyandikana ndi langa pali a Vinsenti a ku Nachisaka, mlimi wa fodya, mutu wonse mbuu. TB yawabwereranso kachiwiri ndipo miyendo yatupa. Akuti mtima nawonso watopa. Amalankhula kuyambira phala la m'mawa mpaka kulowa kwa dzuwa. Mulungu nthabwala amazitha: wolankhula kuti adye wamutseka pakamwa, n'kumugoneka pafupi ndi wolankhula mwaulere.

Atamva dzina langa anadzuka pang'ono. Akuti adzukulu awo amanditsanzira kubusa, ndipo iwo eni anamvapo mawu anga pafoni ya mwana wawo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ankayesa ndine chimunthu chonenepa.

Lachinayi, 6 Juni

Dzulo nseru tsiku lonse, sindinalembe. Lero bwinoko. Phala ndi paketi ya chiponde. Kukuzizira, chifunga chinaphimba phiri mpaka dzuwa litakwera.

Esitere akugona kumalo a magadiyani pamodzi ndi a Roza, mkazi wa a Vinsenti. Amalowa nthawi ya chakudya atavala masiki. Wabwera ndi laputopu yanga ndi kaphukusi kochokera ku Joni, kwa mlamu wanga Victor. M'kati muli chinthu chimene ndinamupempha chaka chatha: katuni ya ng'ombe ziwiri, yeniyeni ya m'sitolo, m'bokosi lake. Zimbale ndi ziwiri, china cha filimu, china cha zowonjezera.

Katuni imeneyi ndimaikonda kuposa mafilimu onse a zibakera amene amandidyetsa. Ndinaionapo kamodzi, yojambulidwa mobera mu sinema, mitu ya anthu ikudutsadutsa ndipo wina akutsokomola pafupi ndi kamera. Ndinalumbira kuti sindidzaimasulira mpaka nditapeza yoyera. Yoyera ija yafika, koma yandipeza wopanda mawu.

Lachisanu, 7 Juni

A Ulemu alola kuti ndizitchaja laputopu pa soketi ya pakhomo, bola phokoso lichepe. Taonera masana, laputopu ili pa kabati ya pakati pa mabedi athu.

Nkhani yake ndi yaifupi. Ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, yokalamba ndi yaing'ono, zanyamula belu la tchalitchi kupita nalo kumudzi wa kuseri kwa mapiri. Woyendetsa ngolo wadwala panjira, ndiye zatsala zokha pagoli. Yaing'ono ndi yaphuma, yokalamba ndi yonyinyirika. Pali mvula, pali afisi, ndipo chakumapeto pali mtsinje wodzaza. Zikuwoloka zonse ziwiri, belu likulira, mudzi ukuvina.

Chithunzi chake n'chosiyana kutali ndi chija ndinaonera. Ubweya ukuoneka umodziumodzi. Pena yokalamba ikupumira pansi fumbi n'kunyamuka, pamene kale ndinkayesa ndi kuda kwa sikirini. Nyimbo ya pakati yatalika. Ndikanakhala ine ndikanaitsitsa n'kuperekapo moni kwa a kabaza a pa Mponela, monga ndichitira filimu ikazizira.

Kutcha mayina ndi ntchito yanga, koma a Vinsenti sanandidikire. Yokalamba akuti ndi Sitima, yaing'ono ndi Bulaki, mayina a ng'ombe zawo za kumudzi. Sitima wawo akuti wakhala akukoka mabelo a fodya kuyambira mwana wawo womaliza ali wobereka kumbuyo. Chingerezi samva. Tikangoonera pang'ono afunse kuti akuti chiyani, a DJ, akuti chiyani. Milomo yanga imayenda yokha, mpaka Esitere anachita kunditsina mwendo.

Loweruka, 8 Juni

Tapeza njira. Ine ndimalemba zomasulira kumbuyo kwa kope, Esitere amawerenga mokweza filimu ikuyenda.

Sizinayende. Amawerenga ngati akulengeza zidziwitso za mpingo. Sitima ndi Bulaki mawu amodzi, afisi nawonso mawu omwewo, aulemu kwambiri. Pamene ndinaika nthabwala palibe anaseka. Ndinalemba kuti ng'ombe yokalamba silankhula ngati mlembi wa amayi a Mvano. Anawerenga, n'kundiyankha kuti ngati ndikudziwa bwino ndilankhule ndekha. Amadziwa pobaya.

Kumeza kukuwawabe. Andiuza kuti ndizimwa madzi ofunda pang'onopang'ono, ndisamakhosomole mokakamiza.

Lamulungu, 9 Juni

Kwaya inabwera, koma inaimbira panja pawindo chifukwa cha matenda athuwa. Besi yawo ndi yofooka. Ndasungulumwa.

Lolemba, 10 Juni

Sikelo ikadali pa 49. Atenganso magazi oyeza chiwindi, akuti mapilitsiwa amachivutitsa nthawi zina.

Tatsegula chimbale chachiwiri. Mafilimu amene ndimagwiritsa ntchito amabwera ali maliseche, filimu yokha basi, choncho zowonjezera zotere ndi koyamba kuziona.

Gawo loyamba likuonetsa ojambula atapita kufamu ndi mapensulo, akuyang'ana ng'ombe zikudya, zikugona, zikubzikula. A Vinsenti sanamvetse kuti munthu wamkulu angaitche ntchito imeneyo. Akuti akanabwera ku Nachisaka, kuli khola lofunika kupala.

Gawo lachiwiri ndi la anthu oika mawu, ndipo ndilo landisowetsa mtendere. Chinyama chilichonse chili ndi munthu wake. Bulaki ndi mayi wamfupi, wodumphadumpha pa maikolofoni atavula nsapato. Sitima ndi nkhalamba yosasa mawu, yokhala pampando ndi kapu ya tiyi. Ndiye akuti amayamba ndi mawu. Amajambula mawu kaye, ojambula zithunzi n'kumatsatira pambuyo, kukonza milomo kuti igwirizane ndi zimene munthu wanena. Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuthamangitsa milomo ya eni ake, osadziwa kuti kwinaku milomo ndiyo imadikira mawu.

Esitere anapempha kuti ndibwezerenso pa mayi wamfupi uja. Anaonera mpaka kumapeto.

Lachiwiri, 11 Juni

Magazi ali bwino. Kumeza kwayamba kupepuka, ndadya mbatata yophika osaviika m'madzi.

Pa chimbale chomwecho pali poti filimu yonse imaseweranso, akuluakulu awiri amene anaipanga akulankhula pamwamba pake. Atsitsa mawu a filimu, aikapo awo. Ntchito yanga yeniyeni, koma saitha. Nthabwala palibe, moni palibe, akungoyamikirana okhaokha. Ku vidiyo sho ya pa Dzoole akanawaponya zitsononkho.

A Vinsenti akupuma movutika. Awabaya jakisoni wochotsa madzi m'thupi ndipo awaika pa makina a okosijeni. Magetsi akazima makinawo amazimanso. Kulankhula achepetsa, ndipo ndadabwa kuti ndikukusowa.

Lachitatu, 12 Juni

Esitere wasintha. Pa zochitika za afisi anaika kope pansi, n'kuyamba kulankhula Bulaki za m'mutu mwake, akugwedeza mapewa ngati mayi uja. Anawauza afisi kuti akadye kumaliro kwa amalume awo. Mawu amenewo ine sindinalembe. Wodi yonse inaseka, bambo wa pakona mpaka anatsamwa, a Ulemu n'kubwera kudzatiopseza kuti alanda laputopu.

Nsanje ndinali nayo, ndisaname. Takhala limodzi zaka zambiri, iye akundibweretsera tiyi ndikamajambula mawu n'kutuluka mwakachetechete, ndipo sindinadziwe kuti amamvetsera.

Sitima yekha wamukanika. Akayesa kukulitsa mawu amamveka ngati mwana wovala jekete la bambo ake.

Lachisanu, 14 Juni

Makilo 50. A Ulemu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Gawo lomaliza la chimbale chachiwiri ndi la zimene anazichotsa mufilimu. Zambiri ndi zazifupi ndipo anachita bwino kuzichotsa. Zonse ndi za pensulo chabe, zopanda utoto. A Vinsenti ataona ng'ombe zili mbee, mizere yokhayokha, anafunsa ngati nazonso zagonekedwa. Ndinawalembera Esitere n'kuwafotokozera kuti ndi zithunzi zosamalizidwa. Sanakhutire, akuti munthu wowonda amamudziwa.

Chomaliza ndi mathero ena a filimu. Akuluakulu aja akufotokoza kuti ndiwo anali mathero oyamba, koma ataonetsa ana zithunzizo, anawo analira kwambiri, ndiye anasintha. Mawu ake sanawajambule n'komwe.

Zikuyenda chonchi. Afika pamtsinje paja. Sitima wagwada, watulutsa khosi m'goli. Akulankhula kwa Bulaki nthawi yaitali, pakamwa pakuyenda koma phokoso palibe. Bulaki akulowa m'madzi yekha, goli litapendekera mbali imodzi, belu lili pangolo. Sitima watsala tsidya lino, wagona pa udzu. Basi.

Mwa zonse za m'bokosili, ichi ndicho chabwino koposa, ngakhale chilibe utoto. A Vinsenti anachotsa kapaipi ka okosijeni m'mphuno.

"Zoona zake ndi izi. Ng'ombe yokalamba siwoloka mtsinje wodzaza. Kuja anangotinyengerera."

Kenako anafunsa kuti Sitima akuti chiyani. Ndinalemba kuti mawu palibe, eni ake sanaikemo. Anati pakamwa pakuyenda, ndiye kuti mawu alipo, kungoti sanamveke.

Loweruka, 15 Juni

Ndinalemba mawu a Sitima, Esitere anawerenga mosamala, mochedwa, mmene angathere. A Vinsenti anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza mwaulemu, n'kunena kuti ameneyo ndi Bulaki akunamizira ukalamba.

A Roza auza Esitere kuti adokotala anena zoti mankhwala achita mbali yawo, koma mtima wa a Vinsenti sukuvomera. Abale akufuna adzawatenge apite kumudzi. A Vinsenti eni ake ndiwo apempha.

Lamulungu, 16 Juni

Abambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. A Roza anagwada pasimenti, ife ena tinangozyolika.

Atapita, a Vinsenti anatembenukira kwa ine. Amalankhula mawu awiri atatu n'kupuma.

"A DJ, sindikukukakamizani. Lamulo la adokotala ndikulidziwa. Kungoti adzukulu anga anakumvani mukulankhula za asilikali ndi agalu. Ine Sitimayu ndangomuona, sindinamumve."

Ndinatseka kope. Ndinatembenukira kukhoma. Esitere anamva zonse, ndipo potuluka anawerama ngati akukonza bulangete.

"Bambo a Chisomo, anzathuwa ali ndi munda. Ife munda wathu ndi pakhosi panupo."

Akunena zoona. Dokotala wa pakhosi abwera Lachinayi, ndipo mpaka lero sindinatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ndakwiya ndi a Vinsenti chifukwa chopempha, ndakwiyanso ndi Esitere chifukwa cholondola.

Lolemba, 17 Juni

Mapilitsi atatu, kamodzi koyera. Ngolo ya a Vinsenti ibwera mawa.

Masana Esitere anapita kukachapa. A Roza anali pamphasa pafupi ndi bedi. A Vinsenti anali maso, akuyang'ana kudenga, ndipo sanapemphenso. Ndinatsegula laputopu n'kupita pa zithunzi za pensulo zija. Sindinaganize zambiri. Pakamwa pa Sitima patangoyamba kuyenda, panga napo panayenda, ndipo ulendo uno ndinalola mpweya kutuluka.

Zimene ndinalemba Loweruka sindinazitsate. Ndinanena izi:

"Bulaki, usayang'ane madzi. Yang'ana mtengo wa tsidya uwo. Goli lipendekera, lisiye lipendekere, phewa lizolowera. Ukafika pamtunda usathamange, belu si lako, ndi la anthu. Akakafunsa za ine ukawauze kuti ndapeza msipu wabwino. Pita tsopano, ukunditchingira dzuwa."

Mawuwo sindinawazindikire. Anatuluka ngati lata lokokedwa pamchenga, ena anangothera mumpweya. Pakhosi panatentha kuyambira pa liwu loyamba. Bulaki atalowa m'madzi ndinasiya, chifukwa panalibenso chonena.

A Vinsenti anayang'ana sikirini mpaka chithunzi chinazima.

"Si mawu aja a pafoni," anatero. Anapuma kaye. "Koma Sitima ndi ameneyo."

A Roza anali kuyang'ana pansi, akusalaza chitenje pamaondo.

Ndinakhosomola pambuyo pake, ndipo m'makhololo munali timizere ta magazi. A Ulemu anamva zonse ali pakhomo. Sanakalipe. Analemba mufayilo yanga, n'kunena kuti walira mvula walira matope. Esitere atabwera palibe anamuuza, koma anaona kachitini kolavuliramo, anaona laputopu, n'kuika zochapa pabedi. Tsopano osalankhula tilipo awiri.

Lachiwiri, 18 Juni

Pakhosi pakuwawa monga tsiku loyamba. Phala lokha.

Ngolo yafika chifunga chisanachoke. Ndinaonera pawindo. Ng'ombe imodzi yakuda, yonyezimira, yosakhazikika. Inayo yofiirira, nthiti zowerengeka, nyanga imodzi yothyoka kunsonga. Mwana wa a Vinsenti anayala matiresi, bambo akewo anawanyamula anthu atatu. A Vinsenti asanawagoneke anapempha kuti awayandikize kutsogolo, ndipo anagwira yofiirira ija pamphuno. Kenako anakweza dzanja chakuwindo kwathu kuno, sindikudziwa ngati anandiona.

Ngolo inatsika mseu wa kuchipata ikukhotera mbali imodzi, chifukwa yakuda inkakoka kuposa inzake.

Lachitatu, 19 Juni

Pabedi paja agonekapo bambo wina wa ku Ntchisi. Salankhula. Esitere wabweretsa thobwa, waika pa kabati, watuluka.

Lachinayi, 20 Juni

Dokotala wa pakhosi wabwera. Anandipopera mankhwala a dzanzi m'mphuno, n'kulowetsa kapaipi kokhala ndi kamera mpaka kummero. Pakhosi panga panaoneka pa sikirini. Mwa mafilimu onse amene ndaonera, iyi ndiyo yonyansa kwambiri.

Akuti zilonda zikuuma, mankhwala akugwira ntchito. Koma mbali ya kumanzere yachita chipsera ndipo sikuyenda bwino. Mawu adzabwera, koma adzakhala osasa, apansi, otopa msanga. Mawu a atsikana, a ana, a agalu, kukuwa kwa asilikali, zimenezo ndiiwale. Ndipitirize kukhala chete mpaka adzandionenso mwezi wamawa.

Anawerenga zimene a Ulemu analemba. Ndinalemba pakope kufunsa ngati chipseracho chabwera chifukwa cha Lolemba. Anati sangadziwe. Mwina chinalipo kale ndisanagonekedwe, mwina Lolemba linawonjezera, kamera sionetsa tsiku. Esitere ankafuna woti amuloze chala, ine ndinkafuna kumasulidwa, ndipo tonse tinatuluka chimanjamanja.

Ndaopa. Ntchito ina sindiidziwa.

Lachisanu, 21 Juni

Makilo 51. Makhololo achiwiri aonetsa kuti tizilombo tachepa. Anditulutsa mawa, mankhwala ndizikalandira kuchipatala chaching'ono cha kwathu mpaka ikwane miyezi isanu ndi umodzi.

Mwana wa a Vinsenti anaimbira Esitere m'mawa. A Vinsenti anamwalira dzulo masana, pakhonde la nyumba yawo, akuothera dzuwa. Maliro ndi mawa. Sitingapite.

Esitere anandiuza zimenezi akupinda zovala, ndipo ndi mawu oyamba amene wandilankhula chichokereni Lolemba. Anapinda zonse, anamanga mapoto m'chitenje, kenako anatenga bokosi la katuni n'kumaliyang'ana. Anafunsa ngati maikolofoni yanga imavuta kuyatsa. Ndinapukusa mutu. Anati Bulaki atenga iye, afisi atenganso iye, woyendetsa ngolo tidzaona.

"Sitima ndi wanu. Koma mudikire adokotala anene, ndipo ulendo uno ndidzakhala pomwepo."

Ndinavomera ndi mutu. Anafunsa kuti tidzaika mathero ati, a utoto kapena a pensulo. Ndinatsegula kumbuyo kwa kope, pamene patsala tsamba limodzi, n'kulemba kuti a pensulo.

Anati ana adzalira. Ndinalemba kuti inde, adzalira. Anayang'ana bedi la a Vinsenti, pamene bambo wa ku Ntchisi anali mtulo, kenako anaika bokosi lija m'chikwama, pamwamba pa mankhwala anga.